Dzina la Wifi ya Azakhali

Lolemba, 5 Meyi

Azakhali a Modester anyamuka lero, ulendo wa kumudzi ku Limbe. Zikwama zamizeremizere zodzaza nsapato ndi mabulangete. Flati yawo ya kuno ku Point, m'dziko la eni, ili m'manja mwanga mwezi wonse. Malamulo awo ali pakhomo: "Shadrick, maluwa uzithirira. Chichewa m'chikepe ayi. Rauta usaikhudze." Awiri oyambawo ndamva.

Rautayo, kabokosi ka wifi, ndi chitonzo. Munthu wa dipuloma ya makompyuta kugona nyumba imodzi ndi chinthu chotere? Dzina la wifi: Takulandirani. Pasiwedi: Chiradzulu. Ya admin, yolamulira rauta yonse, sinasinthidwepo chitulukire m'katoni. Azakhali pamakwerero amapereka moni wa Chizulu ngati anabadwira ku Umlazi, koma mumphepo akufuula Chichewa kuti nyumba yonse imve.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ku Hillcrest taweruka msanga, makamera a pampanda tamaliza kumanga. Kufika, laputopu pamwendo. Mafoni achilendo pa rauta ngati nyerere pa shuga.

Pasiwedi ya admin ndasintha. WPS ndazimitsa. Chitetezo cha WPA3 rauta yakana, ndi nkhalamba, ndaisiya pa WPA2. Pasiwedi yatsopano, kutalika ngati ulaliki wa pachitsitsimutso. Dzina ndalisandutsa manambala, kenako ndalibisa. Ndatetezanso azakhali, adzathokoza.

Foni imodzi inali ndi dzina la mwini wake, Zaina, ndipo ndi imene imadya intaneti kwambiri, makamaka Loweruka. Imeneyo ndaitsekera payokha, loko ya MAC, yokana foni imeneyo ngakhale idziwe pasiwedi. Pitani bwino mayi, bandulo amagulitsa pakona.

Mpira pa TV ukuyenda ngati mafuta.

Lachinayi, 8 Meyi

Mayi wina pamakwerero, pafupi ndi chitseko chathu. Mpango kumutu, yunifomu ya ntchito za m'nyumba, foni m'mwamba ngati akupempha mvula. Iye "Sawubona", ine "Yebo". Chizulu chobwereka tonse awiri. Wayang'ana chitseko, wayang'ana ine, watsika.

Loweruka, 10 Meyi

Mayi uja kachiwiri, masana. Wakhala pansi, maso ofiira, foni pamiyendo. Ndadutsa cham'mbali ndi tchipisi changa. Mumtima ndati za chibwenzi izi.

Lolemba, 12 Meyi

Azakhali aimba foni. Moni panalibe. "Unakhudza."

Ndinayamba kufotokoza za akuba a pa intaneti. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

Nkhani yake ndi iyi. Amalawi a m'nyumba muno sapatsana moni wa kwathu poyera. Aliyense amayang'ana pafoni pake: Takulandirani akaoneka, ndiye kuti kwa Modester kuli bata, nawonso agona tulo. Dzina litazimiririka, mbiri inayenda kuti azakhali athamangitsidwa, mu flati mwalowa eni dziko. Ndani akanagogoda? Nkhope yanga sakuidziwa, ndipo ndimayankha "Yebo".

Mayi wa pamakwerero ndiye Zaina. Amagwira ntchito ku Musgrave, amagona chipinda cha pansi ndi anzake. Loweruka lililonse amakhala pamenepo kuonana ndi kwawo ku Namwera pa vidiyo. Bambo ake anamwalira Loweruka m'mawa. Asilamu sagoneka maliro. Mchimwene wake anati amuonetsa nkhope asanakulunge sanda. Bandulo inamuthera chithunzi chitaima pa malata a denga. Anathamangira pakona kukagula ina. Pobwera anali atanyamula kale maliro.

Dzulo anatumizira azakhali uthenga wa mawu. Osati wodandaula. Kufunsa ngati ali moyo.

"Ndamuuza kuti rauta inaonongeka," anatero azakhali. "Bodza limenelo ndakusenzera ine, mayi wa Mvano."

Tchipisi chija. Ndinachita kupendeketsa thumba kuti lisamukhudze phewa.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndatsegula netiweki ya alendo. Dzina Takulandirani, pasiwedi Chiradzulu, yopatulidwa kuti ya m'nyumba ikhale yotsekedwa payokha. Chitetezo chilipo, khomo lilinso lotsegula. Tinaphunzira chaka chachiwiri, ndinakhoza bwino ndithu. Batani lake lili patsamba lomwelo limene ndinabisirapo dzina, mzere wotsatira. Lachiwiri lapitalo ndinaliona.

Mafoni ayamba kubwerera imodziimodzi, ngati nkhuku madzulo. Wina wamenya chitseko kamodzi podutsa, osaima. Ndikuganiza kuti ndi moni.

Ya Zaina ayi.

Lachinayi, 15 Meyi

Sinabwerebe. Ku ntchito ndamanga kamera mozondoka, bwana wafunsa ngati ndikufuna kugwira akuba a kumwamba. Ndaseka. Maluwa ndinaiwala, limodzi lagona.

Mwina wakwiya. Mwina wasamuka. Kukwiya kungakhale bwinoko.

Lachisanu, 16 Meyi

Sanakwiye. Wakhala akuyesa tsiku lililonse, rauta ikumukana. Loko ya MAC ija sindinaichotse. Anzake onse akulowa, iye yekha kunja, sabata ya maliro. Azakhali akuti Zaina amaganiza kuti foni yake ndiyo yakalamba, amafuna kukaigulitsa.

Ndachotsa. Dipuloma ili pakhoma ikundiyang'ana, ndaitembenuza.

Lamlungu, 18 Meyi

Kugogoda masana. Zaina, mbale ya samusa yovundikira ndi kansalu. Walankhula Chichewa pakhomo, mokweza, chitseko cha aneba chili chotsegula.

"Achimwene, ndamva ndinu munakonza. Sukulu ndi yabwino. Mulungu akuonjezereni nzeru."

Ndinatsegula pakamwa. Zonse zinali palilime, dzina, loko, tchipisi. Chimene chinatuluka: "Pepani ndi maliro." Iye anati zikomo, kunali kulemba kwa Mulungu, kuti asaone.

Kulemba kwa Mulungu. Zala zinali zanga.

Pano Zaina ali pamakwerero, akulankhula ndi mayi ake pafoni. Chiyao ndi Chichewa kusakaniza, mawu akulowa pansi pa chitseko. Akufunsa ngati bambo anali ngati akugona. Wafunsanso kachiwiri.

Samusa ndati sindidya. Ndadya. N'zokoma, ndiye vuto lake.

Mbale ndatsuka, ili pathebulo. Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu, ndipo choyenera kuikamo ndikuchidziwa, si shuga. Akamaliza kulankhula nditsegula chitseko. Kapena mawa, akaweruka. Kapena azakhali akadzabwera.