Masamba Omaliza Apita ndi Utsi

Achimwene a Yohane,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, amayi chifuwa chija chasiya.

Paja ndinalumbira kuti tisanakumbe mbatata ndiwerenga mabuku anayi amene anapambana pampikisano wolemba nkhani. Loweruka pochokera kudimba ndinapeza alamu anu, bambo a Tereza, atang'amba masamba omaliza a buku lachitatu, akupichirira fodya. Akuti, "Mkazi wowerenga amapsereza ndiwo."

Sindinalire ayi. M'mawa mwake ndinayenda mpaka ku Kasina, nkhaniyo ndinakaimalizira m'buku la aphunzitsi, chiimire pakhonde pawo.

Chonde munditumizire kabokosi kachitsulo kokhala ndi loko. Fodya wawoyo ndabisa, adzamuona ndikatseka buku lachinayi.

Mulungu akusungeni mumgodimo, ndipo alamu anuwo awapatse chipiriro.

Ine mlongo wanu,
Agnesi