Kamera yolowa nayo m'tiyi

Lachinayi, Januwale. Mvula yavumba tsiku lonse, koma mtima uli mbee!

Achimwene aimba kuchokera ku Joni. Akuti ndisankhe kamera imodzi anditumizire, yokoka zinthu zakutali kapena yosalowa madzi. Ine mtima unali pa yokokayo. Amayi akupuma ntchito yothyola tiyi dzinja lino likatha, koma ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi ali m'munda. Ndimati ndizingoima pamsewu, osanyowa, n'kumawakoka ali kutsidya.

Nditawauza amayi, anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Ukufuna kundiba nkhope ngati alendo odutsa pagalimoto? Iwe amene ndinkathyola tiyi uli kumsana? Ukafuna kundijambula, ulowe m'mizere, unyowe mpaka m'chiuno ngati ife."

Ndinachita manyazi, kenako ndinaseka nawo. Komanso sakunama. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, nanga yokokayo ikanabisala m'chikwama mpaka liti?

Ndawayankha achimwene kuti agule yosalowa madzi.

Amayi andipezera kale pulasitiki yomanga m'chiuno. Akuti tsikulo adzavala duku latsopano, ndipo ndisadzayerekeze kuwajambula dengu lisanadzaze...