Agogo Bismarck a ku Woodlands

Lolemba, 9 June

Kuzizira kwayamba. Mawondo. Masana Monalisa, mdzukulu wanga wa kwa Emmanuel, walowa m'chipinda mwanga osagogoda, wandipeza ndikupukuta chithunzi cha ku Hamburg, ku Germany. Akuti, "Agogo, uyu ndimwe?" Ndine amene. 1975, zaka 24, chigoba chotchinga kumaso powotcherera zitsulo m'manja, kumbuyo kwanga chisitima chotalika ngati nyumba zosanja za m'tauni. Akufuna ndimufotokozere zonse ajambule pafoni, akuti ndi za kusukulu. Zaka zisanu ndili m'nyumba ino ya mwana wanga, funso lomwe ndimamva ndi lakuti ndamwa mankhwala kapena ayi.

Lachitatu, 11 June

Ndinavala suti ndi tayi. Ndinayambira poyambira penipeni: Blohm ndi Voss, amuna awiri amene anayambitsa kampani yopanga sitima imene ndinkagwirako ntchito, 1877, pachilumba cha mumtsinje wa Elbe. Sitima zonyamula anthu ndi katundu. Kenako ya nkhondo ija, Bismarck, yomwe inamira mu 1941 ndi anthu oposa zikwi ziwiri. Ndege anapanganso. Ina yotera pamadzi, mainjini asanu ndi imodzi. Ina yooneka yopendekera, woyendetsa mbali ino, injini mbali iyo. Ndinaimirira kuti ndisonyeze ndi manja, ndipo ponena kuti Voss mano anga oikirira anatuluka. M. anati, "Osadandaula agogo, nizachosako. Kambaninso mwamphamvu." Ndinabwereza katatu.

Ndinamuuzanso za akaidi amene ankagwiritsidwa ntchito mokakamiza pamalopo nthawi ya nkhondo. Mkulu amene ankandiphunzitsa anandilozera malowo tsiku lina, osalankhula zambiri. Misozi inatuluka pang'ono. Mwana wabwino, anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

Loweruka, 14 June

City Market, kukafuna masokosi a ubweya. Ndisanafike pa salaula, pogulitsira zovala zovalidwapo kale, ndamva, "Ba Bismarck! Voss! Voss!" Amuna atatu akuluakulu, wina akukankha mano ndi lilime, wina akukupiza manja. Mayi wogulitsa masokosi wandigwira dzanja, misozi ya kuseka ili mbwee, wandionetsa foni yake.

Ndine. Kakanema kosakwana mphindi. Mano akutuluka, akubwerera, akutulukanso, ndi nyimbo. Manja m'mwamba ngati nkhuku. Pomaliza ndikulira. Za akaidi anachotsa, misozi anasiya. Pamwamba analemba kuti, "Agogo banga bati banapanga ndege ku Germany, koma remote ibakanga."

Sindinanenepo kuti ndinapanga ndege. Ndinkawotcherera zitsulo za sitima.

Masokosi sindinagule. M'basi kondakitala wandichitira sailuti.

Lamulungu, 15 June

Kutchalitchi ku Kabwata sindinapite.

Lachiwiri, 17 June

Ndauza Emmanuel za kakanema kaja patebulo. Anali atakaona kale, kumwetulira kunamupulumuka asanabise. Mkazi wake Winifred akuti, "Atate, mwana asewela chabe. Banthu bambili bakukondani manje." Kenako, akupaka batala pabuledi, wafunsa kuti, "Koma za ku Germany izi zinachitikadi?"

Ndinayang'ana Emmanuel. Iye anayang'ana foni. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndi zaka 31 zowotcherera ku Heavy Industrial Area, maso anga n'kuthera pomwepo. Ba Chibwe, amene tinapita limodzi ku Hamburg, tinawaika m'manda mu 2019. Wondichitira umboni palibenso.

Ndinakatenga setifiketi yanga ya ku Hamburg m'sutikesi. W. anati ndi Chijeremani chokhachokha, angadziwe bwanji. Anaiika pambali, n'kuikapo kapu ya tiyi. Pali chizindikiro chozungulira pa dzina langa tsopano.

Lachitatu, 18 June

Chakudya ndadyera m'chipinda. Pabalaza ndamva W. akuuza mlendo kuti, "Bakwiya ba captain." Aseka onse.

Lachisanu, 20 June

M. wabwera m'mawa. Lero wagogoda. Ndinaganiza kuti akudzapepesa, ndipo ndinali nditakonza kale mawu omukhululukira.

Akuti, "Agogo, banthu bafuna part two."

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Sanagwetse maso. Nkhope ya malemu agogo ake aakazi yeniyeni. Ndinati ukudziwa zimene andichita ku City Market? Akuti, "Ehe, ndimwe star manje."

Ndinafuna kumuthamangitsa. Koma sindinamuuze za Elbe 17, dziwe lalikulu lija limene amalowetsamo sitima n'kupopa madzi onse, munthu n'kuyenda pansi pake ngati nyerere. Ine ndinayendamo. Sindinauzepo aliyense mpaka kumapeto, onse amadzuka ndili pakati. Uyu yekha amakhala.

Ndinatsegula kabati kuti nditenge jekete. Akuti ayi, suti siseketsa, ndivale zogonera ndi chipewa chaubweya.

Ndavala. Wanyamula mpando wapita nawo panja, akuti kumeneko kuwala kuli bwino. Akuitana.