Chikwama cha Kaputeni

Lolemba, 2 Juni

Zatsimikizika. Kaputeni Tabanao akwezedwa, akayang'anira anamwino a masukulu onse 46 a boma lino. Aphunzitsi kuwomba m'manja. Inenso ndinawomba.

Zaka zisanu ndi zinayi kuusilikali, iwo womanga mabala, ine wonyamula machira. Atavula yunifolomu n'kudzakhala namwino pasukulu pano, anandiitana ndidzawathandize. Za satifiketi sanafunse, ankadziwa kuti ndinalekezera giredi 6. Mulungu awadalitse. Koma tsopano ine?

Lachitatu, 4 Juni

Namwino watsopano ndi Jonalyn, msinkhu wa mwana wanga. Anandipeza 6:30 nditayala zonse za m'chikwama pansalu, monga m'mawa uliwonse. Mabandeji kumanzere, sizasi pakati, kopopera mankhwala a mphumu m'thumba lakutsogolo. Kuwerenga kawiri, kubwezeramo.

Akuti, "Bambo Crispulo, nkhondo inatha kale."

Ahedi anena kuti opanda mapepala awunikidwa mwezi uno. Masana mpunga ndi nsomba youma, sindinamalize. Perpetua, mkazi wanga, akuti ndikanamamuwerenga iye ngati mabandeji bwenzi ali wonenepa.

Lachisanu, 6 Juni

Kubwalo kamtsikana ka giredi 2, Maricar, mphumu inakagwira. Milomo kuda. Jonalyn akutsegula makabati onse, kopopera osakapeza. Ndinanyamula chikwama, tinathamanga. Dzanja linalowa lokha m'thumba lakutsogolo. Ndinampatsa iye kopoperako, poti ine sindiloledwa kupereka mankhwala.

Mwana wapuma, wapempha ndi madzi. Ndathokoza.

Koma Jonalyn walemba lipoti, ndipo ndaonamo dzina langa kawiri. Kodi ndinapitirira malire?

Lachiwiri, 10 Juni

Kalata yochokera ku ofesi ya Kaputeni. Ndipite Lachinayi, "ndi chikwama". Msilikali aliyense amadziwa: akati bwera ndi katundu, ndiye kuti ukukabweza.

Ndachapa lamba wake, ndasoka pong'ambika. Asadzati ndinasunga moipa. Sindikwiya. Zaka zisanu ndi ziwiri za ntchito pasukulu pano Kaputeni anandipatsa, enanso ndani akanatero? Perpetua wasita malaya, sanandiseke n'komwe. Ndiye ndaopa zenizeni.

Lachinayi, 12 Juni



Holo yodzaza anamwino, onse a madigiri. Kaputeni tsitsi laimvi, kayendedwe komweko. Anati, "Kopolo, wachedwa ndi mphindi ziwiri." Bodza, ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane.

Anandimanga nsalu m'maso, n'kuyamba kutchula za m'chikwama chimodzichimodzi. Sizasi. Ndinatulutsa. Thonje. Kopopera. Zinthu khumi ndi ziwiri, osaphonya. Kenako anawerenga lipoti la Jonalyn mokweza. Jonalyn analemba kuti pakanapanda chikwama changa, sakudziwa zikanatha bwanji.

Ndiye Kaputeni anati, "Kalongedzedwe aka sindinaphunzire kukoleji. Ndinaonera kwa bambo awa, m'tchire, mvula ikugwa, ndili wamantha ngati inu."

Ine zaka zonsezi ndimayesa ndi iwo anandiphunzitsa. Mwamwayi nsalu inali idakali m'maso.

Ntchito ilipo, ahedi alemberedwa kalata. Lachisanu lililonse ndizipita ndi Kaputeni kusukulu ina kukaonetsa kalongedzedwe. Masukulu 46, chaka cha sukulu sichikwana, ndawerenga kawiri.

Pobwerera, Jonalyn akuti mawa abwera ndi nsalu yake 6:30, tiyale limodzi. Ndamuuza 6:15. Ndasuzumira m'chikwama mwake, mabandeji ali kumanja.