M'bale wa Britta Watsakamira ku Denmark

Duluth, Minnesota
Malichi 2008

Wokondedwa mlongo wanga Solveig,

Uli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Mogens? Anyamata akulimbikira sukulu, kapena mpira unawameza? Nanga bondo lako lija linasiya kuvuta? Kuno tonse tili bwino. Chipale chikadali mbwee pabwalo, madzi a m'nyanja ndi oundana gwa, sitima sizinayambe kuyenda, ndiye kudoko tikungokonza makina ndi kumwa khofi. Amayi ali bwino, kungoti makutu akunka nagontha, koma iwo akuti ndife amene timayankhula ngati tili pamaliro.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni umandidula mawu. Ino uwerenge mpaka kumapeto.

Ukukumbuka matsagwidi amene ndinadwala ndili mnyamata wamkulu kale, iwe n'kumandiseka kuti ndatupa ngati chule? Matenda aja sanathere m'masaya. Titakwatirana ndi Noreen tinakhala zaka osaona mwana, ndipo madokotala atatiyeza anapeza kuti vuto lili kwa ine. Sindingabereke, ndipo mankhwala ake palibe.

Ndikudziwa kuti wayamba kale kufunsa za mwana wathu Britta. Britta anabadwa kudzera mu mbewu ya mwamuna wina amene sitimudziwa dzina kapena nkhope. Chipatala chinaitanitsa mbewuyo ku Denmark konko, yowumitsidwa. Anasankha dzikolo ndi Noreen, ati mwana adzafanane ndi a mtundu wathu, anthu ataliatali osowa nkhani. Sitinauze munthu. Sikuti tinkachita manyazi kwenikweni, koma tinkafuna tiyambe tazolowera tokha.

Tsopano Britta wakula, ndipo wayamba kutivuta kuti akufuna mwana wamng'ono m'nyumba. Ati akapanda kupezeka mwana, galu alowe m'malo, koma mwana ndiye bwino chifukwa amavala zovala. Nafenso tinali titaganiza kale zimenezo, choncho tinabwerera kuchipatala kuja kukapempha mbewu ya munthu yemweyo.

Adokotala anatikhazika pansi n'kutiuza kuti sizithekanso. Boma linaika lamulo loti mbewu ya amuna amene akhala nthawi yaitali ku Ulaya isagwiritsidwe ntchito kuno, poopa matenda a misala ya ng'ombe aja. Imene inalowa lamulo lisanabwere inatha. Ndi mantha omwe aja amene anakubwezetsa pamene unkafuna kupereka magazi utabwera kutchuthi, iwe n'kutuluka ukulira ngati ng'ombe pamaso pa anamwino.

Ndinawafunsa adokotala ngati alipo amene anatengapo matendawo mwa njira imeneyi. Anati iwo sanamvepo, koma palibe njira yomuyezera munthu wamoyo n'kutsimikiza kuti alibe, ndipo matendawo amatha kubisala zaka zambiri. Anatilangiza kuti tisankhe mwamuna wina wa kuno, ati alipo ambiri abwinobwino.

Mawu oti amabisalawo anandikhala mumtima. Ndinayamba kumuyang'anitsitsa Britta pa chilichonse. Tsiku lina m'mawa ndinamuona akuyenda mopepesuka m'khonde, n'kugwa kawiri. Ndinali nditagwira kale foni kuti ndiimbire chipatala pamene Noreen anabwera, n'kuyang'ana pansi, n'kundifunsa kuti kodi bambo wanzeru amene wamuveka mwana nsapato mosemphanitsa ndi ndani. Ndinali ine.

Tinaseka, koma nkhani yeniyeni inali isanathe. Ine ndinali wokonzeka kutsatira malangizo a adokotala. Noreen anakana. Anati akufuna munthu yemweyo kuti anawo akhale a magazi amodzi, apo ayi bola kungosiya.

Solveig, mawu amenewo anandipweteka kuposa tsiku limene anandiuza kuti sindingabereke. Ndinatuluka kukachotsa chipale pamalo pamene ndinali nditachotsa kale. Kwa masabata tinkangoyankhulana za mkaka ndi mafuta a galimoto.

Potsiriza ndinamufunsa Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, Britta atatsala kwa agogo ake. Ndinati ngati magazi ndi ofunika chonchi, ndiye ine m'nyumba muno ndine ndani, woyendetsa galimoto?

Anaimitsa galimoto pambali pa msewu, pakuti ankayendetsa ndi iye. Anandiuza kuti ndine chitsiru, chitsiru chachitali. Ati za bambo wa Britta palibe funso, mwanayo akalota zoopsa amaitana ndani? Chimene chimamudetsa nkhawa n'chakuti tsiku lina tidzamuuza Britta zoona, ndipo adzadziyang'ana pagalasi n'kumafunsa kuti mphuno iyi ndi ya yani. Ife awiri sitidzatha kumuyankha. Ati akufuna pakhale munthu mmodzi padziko lapansi amene adzakhale ndi funso lomwelo, kuti ife tikadzapita asadzalisenze yekha.

Ndinaganiza za iwe ndi ine pa maliro a bambo, mmene tinakhalira pamasitepe akuseri osanena kanthu, koma aliyense akudziwa chimene mnzake akukumbukira. Ndinamuuza Noreen kuti alize galimoto, ndamva.

Noreen analembera anthu osunga mbewu ku Denmark, ndipo ayankha. Munthuyo anasiya kupereka, koma yake ikadalipo pang'ono. Kutumiza kuno sangathe, koma Noreen akapita yekha chipatala cha komweko chikhoza kumuthandiza. Malowo ali ku Aarhus. Nditaona dzina la mzinda wako pakalatapo ndinaseka ndekha, kuti zaka zonsezi mwina umadutsana naye munthuyo pamsika.

Tsono pempho langa ndi ili. Kodi Noreen ndi Britta angakhale kwa iwe kuyambira mu Juni? Sitikudziwa kuti zidzatenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa mwina sizingatheke ulendo woyamba. Ine ndidzabwera nawo, koma ndidzabwerera msanga, nyengo imeneyo kudoko sakupatsa mpata. Ndikufuna pakhale munthu womuperekeza kuchipatala ndi womumasulira zimene akunena. Ndipo zikadzakanika, ndikufuna pakhale munthu wa kwathu pafupi naye. Noreen sadzakupempha yekha, umamudziwa. Adzanena kuti ali bwino uku akutsuka mbale zoyera kale.

Za matendawo ndaganiza mokwanira. Mantha sanathereretu, koma iwe ndi ana ako mwadya nyama ya komweko zaka zonsezi, ndipo misala imene uli nayo unachoka nayo kuno.

Amayi ndinawauza sabata yatha. Ndinachita kukuwa kuti amve, moti ndikukhulupirira kuti aneba nawonso akudziwa. Amayi anamwa khofi wawo. Kenako anati iwo akhala akuuza tchalitchi chonse kuti Britta anatengera chibwano cha agogo ake aamuna, ndipo sasintha mawu pa ukalamba uno. Atatero anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti chifukwa chiyani ndinasenza zimenezi ndekha ngati ndilibe mayi. Pamenepo ndiye ndinalira, ine mwamuna wamkulu, m'khitchini mwawo.

Alamu anga uwauze zonse, palibe chobisa tsopano. Anyamata okha adikire kaye, tikufuna Britta adzamve kuchokera kwa ife. Ukawerenga uganize bwino, ukambirane ndi a Mogens, kenako undiimbire. Ukhoza kundidula mawu mmene ungafunire.

Amayi akupereka moni, akuti uwatumizire zithunzi zooneka nkhope osati za nyumba. Noreen akupereka moni. Undiperekere moni kwa a Mogens, kwa Aksel ndi Jeppe, ndi kwa apongozi ako. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wako,
Gunnar