Kadontho kamchira ka Felisita

Lachinayi, Julayi. Kwazizira, ndipo mtima ukundiwawa.

Dzulo ndinapita m'kalasi ndi nzimbe ya mfundo khumi, mfundo iliyonse 0.1. Felisita, mtsikana wanga wa Sitandade 6 wobadwira ku Mozambiki, anaithyola pakati n'kuwerenga mfundo zisanu.

"Aphunzitsi, ndiye 0,5 ndi theka basi?"

Anathamangira kubolodi kukalemba, akuseka. Monga mwa masiku onse, anaika kadontho kamchira ka kwawo m'malo mwa kadontho kathu. Ndinamuuza kuti tikonza mawa.

Lero malo ake analibe munthu. Pa buleki kunabwera azakhali ake.

"Musamudikire, aphunzitsi. Amupezera banja ku Zobwe, ku Mozambiki."

Poweruka ndayamba kufufuta bolodi lonse. Nditafika pa kamchira kaja, dzanja lakana.