Kagudumu ka pa diripi ya a Lackson

Lachitatu, 21 May 2008

Felista 09:12
Tracy, ndi Felista, gadiyani wa bedi loyandikana ndi agogo ako a Lackson. foni ndi yanga, mawu ndi a agogo aakazi. akuti mankhwala a mtima a mu diripi aja awasintha, muli madzi

Tracy 09:20
madzi bwnj? dzana munati pamtima pasiya kupweteka

Felista 09:31
akuti Lolemba atangoika diripi mutu unawaphwanya koma pamtima panamasuka. lero mutu uli zii, pamtima ngati pakhala munthu. mphamvu yapita kuti? akuti ine sukulu sindinaione koma maso ndili nawo

Felista 09:34
akutinso nesi wamtali uja amabwera chikwama chili pepepe, poweruka chotupa. sitinachoke ku Milepa kudzagonera madzi

Tracy 09:41
pabotolo alemba chani?

Felista 09:47
nitroglycerin

Tracy 09:55
agogo palibe waba. amenewo akamayenda osalekeza thupi limawazolowera, tsiku limodzi lokha afooka. ku ward kwathu kuno anesife timaziona. adokotala akaona kt nzotheka amatseka maola angapo kt mphamvu ibwerere

Felista 10:38
atsekadi! awapatsa mapilisi. agogo akuti waona? ayamba nkuba, pano atsekeratu. akuti nawenso ukuyankhula ngati iwo, yunifolomu yakuzunguza mutu mwana iwe

Felista 11:50
akuti kagudumu kotsegulira diripi akukadziwa, akhala akuonera chala cha nesi. anesi akapita ku lunch atsegula okha, mpaka kumapeto, bambo akhute

Tracy 11:52
AYI. BP igwa pompo, angafe. Felista plz agwireni manja

[Tracy wayimba 11:53, osayankhidwa]

[Tracy wayimba 12:06, osayankhidwa]

Tracy 12:19
Felista??

Tracy 12:44
agogo ndapota nanu. amene uja ndi mwamuna wanu, si wa nesi

Felista 13:26
pepa batire inatha, ndinakatchajitsa pa geti. ndapeza anesi kulibe, chala cha agogo chili pa kagudumu. ndawawerengera uthenga wako kawiri. atero, wati angafe? ndati eya. akhala pansi, manja onse awakhalira

Tracy 13:27
sanatembenuze?

Felista 13:33
akuti funsa Mulungu. koma ine ndayang'ana, dontho sindikuliona

Felista 18:10
anesi atsegula. a Lackson ayamba kudandaula mutu, pamtima akuti papepuka

Tracy 18:12
Ambuye ngabwino. mwaona agogo?

Felista 18:21
akuti ndaona. abweza enieni poti ndinawatuzulira maso tsiku lonse. akuti za kagudumu usauze munthu. ndipo iweyo kuntchitoko usamadye za anzako